Sopo Wabuluu wa Achemwali

3 Meyi

Mlongo wanga Labu,

Landira moni wa kuno. Amayi ali bwino, kungoti bondo lija likuwaloserabe mvula ngakhale kunja kuli ngwee. Alamu ako akadali pagalaja, akununkhabe oyilo. Mlamu wanga ndi kamwana uwapatse moni. Chithunzi chawo chimene unalonjeza chaka chatha sichinafike, kaya chikubwera wapansi.

Ndalemba chifukwa zandithina. Ukudziwa kuti sopo wanga amapita ku hositelo ya atsikana ija teremu iliyonse, zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Mwezi watha mtsikana mmodzi anatuluka tiziphuphu m'mikono. Mmodzi yekha mwa atsikana mazana atatu, ndipo ndamva kuti amadzola mafuta oyeretsa khungu mobisa. Koma Mai Thovu, uja anayamba kuphika sopo dzulodzuloli ataonera pa mpanda wanga, wapeza poyambira. Akupita kwa a Matironi tsiku ndi tsiku atasenza nthochi ndi nkhani, akuti sopo wanga wachuluka kositiki, akusenda ana a eni.

A Matironi anandiitana. Akuti pofika pa 30 Juni ndibweretse umboni woti sopo wanga anayezedwa ndi munthu wophunzira, apo ayi oda ipita kwa Mai Thovu. Oda imeneyi ndiyo nsanamira ya nyumba ino, za pamsika n'zongotolatola. Mitanda ya sopo mazana asanu ndi limodzi ili kale pa mashelefu kuseri, yauma bwinobwino, ikungodikira ngolo.

Ndinawauza kuti ine ndimayeza. Akuti ndi chiyani? Ndinati ndi lilime. Mtanda ukauma ndimaugunda ndi nsonga ya lilime. Ukaluma ngati waya wa batire, ndiye kuti kositiki watsala, ndimaubwezera mu dilamu. Ukangowawa chabe, wapsa. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Pamenepo ndinakumbuka kuti ndili ndi mlongo amene amayeza madzi a tauni yonse, amene dzina la Labu tinam'patsa ndife asanaione n'komwe labuyo, amene anapita ku yunivesite ndi sopo wanga mu sutikesi. Nditakutchula, phwete linatha.

Bwera Loweruka limodzi lokha ndi timakina tako. Uyeze, ulembe kapepala, usaine. Ndikuyalira kuchipinda chako chakale.

Ndine mlongo wako wamkulu.

21 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira ndipo ndinaiwerenga kawiri, koyamba ndekha, kachiwiri kwa anzanga a mu labu pa nthawi ya tiyi. Ndime ya lilime ija yatitsitsimutsa kwambiri. Mnzanga wina akuti tikugulireni tikiti mudzalowe m'malo mwa makina athu amene anafa, poti inu simulira magetsi.

Kubwera sindingathe. Munthu amene wanyamula madzi a tauni yonse sangasiye mipope chifukwa cha sopo, ndiponso makina a ofesi sakwera basi. Koma ndakutumizirani kabuku ka timapepala tachikasu, kamene kagwire ntchito ngati ndilipo. Tcherani khutu, ndilemba mwa ana a pulayimale.

Zinthu zikalowa m'madzi zimagwa mbali ziwiri, asidi ndi alikali. Asidi ndi monga madzi a mu batire, viniga ndi ndimu. Alikali ndi monga kositiki wanuyo ndi phulusa. Mbali iliyonse ili ndi amphamvu ndi ofooka. Wamphamvu akangolowa m'madzi amakhuthula ukali wake wonse nthawi imodzi, ngati Amayi akapsa mtima. Madzi a mu batire ndi otero, kositikinso ndi wotero, n'chifukwa chake manja anu amaoneka ngati chikopa cha ng'azi. Wofooka amatulutsa pang'ono, zambiri n'kusunga m'mimba, ngati alamu.

Sungunulani kachidutswa ka sopo m'kapu ya madzi oyera, muviikemo kapepala. Kakafiira, ndi asidi. Kakachita buluu, ndi alikali. Kakabiriwira ngati tsamba, pamenepo ndiye pakati, pa nambala seveni, pamene sipaluma munthu. Ife kuno madzi akachoka pa kubiriwira sitiwalola kupita ku mipope. Mukaona kubiriwira, katengereni a Matironi kapepalako. Ndi umboni woposa saini ya munthu.

Lilime mulisiyire ntchito yake yakale, yonena anthu.

Moni kwa Amayi ndi kwa alamu, ngati atuluka pansi pa galimoto.

Mlongo wanu,
Woyeza Wamkulu wa Madzi (Wogwirizira)

2 Juni

Labu,

Moni kwa iwe ndi kwa anzako a tiyi, poti tsopano nawonso ndi abale athu.

Ndachita monga unanenera. Buluu. Ndinatenga mtanda wa pa shelefu yapansi, buluu. Wa pamwamba, buluu. Wa chaka chatha umene Amayi amasambira, buluu. Ndinasintha kapu, ndinasintha madzi, ndinapempha mkazi wa neba aviike ndi dzanja lake poganiza kuti mwina langa lalowerera kositiki. Buluu yekhayekha. Madzi opanda sopo okha ndiwo akubiriwira, ndiye kuti timapepala tako sitikunama.

Ndinakhala kuseri kuja tsiku lonse ndikuyang'ana mashelefu. Ndinagundanso ndi lilime mitanda khumi, palibe umene waluma. Koma lilime silinapite ku yunivesite. Zoona zaka makumi awiri ndakhala ndikusambitsa anthu moto osadziwa? Iwenso unakulira sopo yemweyu, ndi khungu lako losalalalo.

Kwa a Matironi sindinapite. Ndipita bwanji ndi buluu m'manja? Mai Thovu anandipatsa moni dzulo pa mpope, moni wautali, wofunsa mpaka nkhuku.

Kwatsala masabata anayi. Ndiuze chochita kuti sopoyu abiriwire. Usachedwe ngati ulendo uja. Masiku khumi ndi asanu ndi atatu ndinkangopita ku positi ngati ndalembedwa ntchito kumeneko.

Mlongo wako.

Tsiku lomwelo, mu envulopu yomweyo

Bambo anga,

Ndine mayi anu. Ndalowetsa kakalata kanga muno kuti sitampa isapite yopepuka. Muli bwanji ndi udindo? Musamavale jekete imodzi masiku awiri, anthu amaona.

Mlongo wanuyu akulira kuseri ngati wafedwa. Ine ndinamuuza kalekale kuti zonyambita sopo ngati galu zidzamuchititsa manyazi tsiku lina. Akapsa mtima amati anasiya sukulu chifukwa cha inu. Bodza, mutu unali wouma kuyambira ali khanda.

Sopo wakeyo ine ndasiya, ndikusamba madzi okha mpaka mutalamula. Thupi layamba kuyabwa, ndiye kuti poizoni wa zaka zonsezi akutuluka.

Muuzeni chochita, koma musadzitopetse naye kwambiri. Mutu wanu ndi wa anthu ambiri.

Mayi anu.

9 Juni

Achemwali,

Ndalemba chothamanga, galimoto ya ofesi ikundidikira. Buluuyo sanandidabwitse.

Mankhwala othetsa alikali ndiwo asidi. Awiriwa akakumana amaphana, pamatsala mchere ndi madzi. Palani sopo yenseyo, mumusungunule m'madilamu ndi madzi otentha. Muzithira viniga pang'onopang'ono uku mukutakasa, muziviika kapepala, mpaka kabiriwire. Viniga ndi asidi wofooka, saopsa. Amatulutsa ukali wake mwaumbombo, ndiye akachedwa musadabwe. Zimenezi ndi za ana a folomu wani.

Amayi apitirize madzi okha.

Mlongo wanu.

18 Juni

Alamu,

Ndine mwamuna wa achemwali anu, uja mumati amasunga zambiri m'mimba. Lero ndatulutsa. Mkazi wanga sangagwire cholembera, zala zatupa ndi kupala sopo, ndiye ndalemba ndine. Madontho a oyilowo muwakhululukire.

Tinapala mitanda yonse mazana asanu ndi limodzi, masiku atatu, ndi mipeni komanso chitini chobowola ndi msomali. Anadzaza madilamu atatu. Viniga tinagula yense wa m'magolosale a msewu uno, mpaka wokazinga tchipisi anabwera kudzatitukwanira pakhomo. Kuthira, buluu. Kuthira, buluu. Kapepala kamayamba ngati kakufuna kusintha, tikangotakasa kabwerera. Tsiku lachiwiri sopo anayamba kuoneka ngati mkaka wosasa, koma kapepala kali buluu wotuwa, viniga watha.

Ndiye ndinawerenganso kalata yanu yoyamba. Munalemba nokha kuti madzi a mu batire ndi asidi wamphamvu, amakhuthula zonse nthawi imodzi. Kugalaja ndili naye wa m'chigubu. Ndinamusungunula bwinobwino, asidi kuthira m'madzi osati madzi mu asidi, zimenezo ndinazidziwa inu musanamere ndevu. Tinathira madilamu onse atatu motsatizana kuti ntchito isagone.

Alamu, sayansi yanu si yabodza. Kapepala kanabiriwira ngati tsamba la mvula yoyamba. Mkazi wanga anayamba nyimbo. Sanafike nayo pa ndime yachiwiri. Mafuta anayamba kukwera pamwamba, achikasu, onunkha ngati chiguduli cha mu butchala, pansi pake madzi ngati otsukira mbale. Tapaka m'manja, thovu ngakhale la malovu palibe. Ndi girisi, alamu, koma girisi woti ngakhale pa tcheni cha njinga ya mdani wanga sindingapake.

Dzulo ndinatenga timapepala totsala n'kupita nato kugolosale. Ndinagula sopo wa ku fakitale, wa m'pepala lonyezimira, wonunkhira maluwa, ngati amene mumasambira kwanuko. Buluu. Wochapira, buluu. Wa makanda, wojambulidwa khanda likuseka, buluu. Mwini golosale anandibwereka wa kubafa kwake, buluu. Ndiye ndifunse ine wosaphunzira: kodi dziko lonse likusamba poizoni, kapena pali tsamba lina la buku limene linathothoka tsiku limene inu munkadutsa?

Kwatsala masiku khumi ndi awiri. Mafuta oti tiphikire sopo wina palibe. Mwini nyumba akuti fungo lafika kuchipinda kwake, watipatsa sabata imodzi. Tiuzeni chinthu chimodzi chokha: zili m'madilamuzi zingabwerere kukhala sopo, kapena titaye? Ino sindinaponye ku positi, ndapatsira kondakitala wa basi, ndipo ndamuuza adikire yankho pa geti lanu. Ngakhale pa pepala la ndudu, lembani.

Mlamu wanu wa pagalaja.

20 Juni

Alamu ndi Achemwali,

Kondakitala wanu ndinamuona pa geti, koma nkhani ya sayansi siperekedwa pa windo la basi ngati thumba la mbatata. Kalata ino ndaisiya kwa wotaipa wathu kuti ituluke yooneka bwino, mudzathe kuisunga.

Choyamba, anatchula zothira madzi a batire ndani? Ine ndinati viniga. Munthu ukam'tuma kusenda ndimu iye n'kutenga nkhwangwa, zala zikaduka asaloze wom'tuma.

Chachiwiri, zimene zachitikazo n'zosangalatsa kwambiri mwa sayansi, ndikanakonda ndikanaziona. Sopo ndi mwana wa makolo awiri osalingana: kositiki, amene ndi alikali wamphamvu, ndi asidi wofooka wa m'mafuta. Mwana wotere akalowa m'madzi amatsata kholo lamphamvu. N'chifukwa chake sopo aliyense wabwino amaonetsa buluu, pa naini kapena teni. Woopsa ndi amene wadutsa pamenepo n'kufika pa pepo wodera, kusonyeza kositiki wotsala. Mukam'kakamiza kutsika pa seveni, mwamulanda kholo lamphamvu lija, ndipo asidi wa m'mafuta amabwerera kwawo n'kuyandama. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba amazidziwa zimenezi. Ine pa za kubiriwira ndinkapereka chitsanzo cha madzi. Sindinaganize kuti munthu amene waphika sopo zaka makumi awiri sadziwa mtundu wa sopo wake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma inu mwachita kuphika madilamu atatu.

Chachitatu, musataye. Wengulani mafuta oyandamawo, muwatenthetse, muzithira kositiki pang'onopang'ono. Abwerera kukhala sopo tsiku lomwelo, ndipo pakatha masiku atatu mutha kudula mitanda. Poti timapepala alamu anakatimalizira kugolosale, mutha kuyeza ndi njira yanu ija.

Mwaona, nkhani yake ndi yaing'ono.

Mlongo wanu,
Woyeza Wamkulu wa Madzi (Wogwirizira)

5 Julayi

Labu,

Kalata yako yafika dzulo. Wotaipa wanu ali ndi luso, palibe pofufuta ngakhale pamodzi.

Madilamu tinakakhuthula kudzala pa 25, mwini nyumba ataima pakhomo ndi loko m'manja. Alamu ako anakumba dzenje, ine ndinagwira mbali ina ya dilamu. Ndime yako yachitatu ndaiwerenga katatu, kenaka ndinapita kudzala kukayang'ana. Agalu anafukula kale.

Pa 30 ndinapita kwa a Matironi chimanjamanja. Ndinagwada pa simenti ya ofesi yawo, ine amene ndinawaona akubwera pa hositelo paja ali kamtsikana kogawa mabulangete. Ndinawafotokozera zonse, kuti sopo anali wabwino, kuti tinamuwononga tokha potsata malangizo, ndipo ndinawaonetsa makalata ako awiri oyamba aja kuti asayese ndikupeka. Si oipa mtima. Akuti teremu ino yapita kwa Mai Thovu, palibe kuchitira mwina, koma komiti ikumana pa 20 Julayi kusankha wa chaka chamawa. Akuti ukalemba kalata ya pa ofesi yonena kuti buluu ndiwo mtundu wa sopo wabwino, ndiponso kuti njira ya lilime imagwira kositiki wotsala, andibwezera oda.

Sindikuti upepese. Sindikuti ubwere. Mizere itatu yokha, zomwe walembera ife kale. Ndinakubereka kumsana, Labu.

Mlongo wako.

11 Julayi

Achemwali,

Mwandilakwira kwambiri. Makalata a pabanja mwakawayala pa tebulo la anthu akunja, dzina langa lili pansi, mwezi womwe akuluakulu akuganiza zochotsa mawu oti Wogwirizira pa chitseko changa. Nkhani ili ndi miyendo. Mawa lino wina adzaimirira pa msonkhano n'kunena kuti woyeza madzi a tauni sadziwa sopo. Zimenezo munaziganizira pamene munkagwada?

Kalata mwapemphayo ndalemba, ya Chizungu, pa pepala la ofesi, ndi chidindo. Ndaitumiza kwa a Matironi eni ake kuti isadetsedwe ndi oyilo m'njira. Ndanena zoona zokhazokha.

Ulendo uno simunganene kuti ndachedwa.

Mlongo wanu.

27 Julayi

Bwana Woyeza Wamkulu,

Landirani moni. Tamva kuti mawu aja awachotsa pa chitseko. Mwatikweza.

Kalata yanu inafikadi pa nthawi yake. Komiti inandiitana, Mai Thovu analiponso, atakhala pa mpando wa kutsogolo. A Matironi anaiwerenga mokweza, ndipo poti ine Chizungu chinandilambalala, mphunzitsi wina wa m'komitimo ankamasulira mzere ndi mzere, mwaulemu, maso ali pansi. Ndamva tsopano kuti ndine mayi wakhama koma wosaphunzira, wogwira mankhwala oopsa popanda womuyang'anira. Ndamva kuti labu yanu sinayezepo sopo wanga ndipo singamuikire umboni. Ndamva kuti kuyeza ndi lilime si njira yodziwika ku sayansi, ndiponso kuti banja langa linathira asidi wa batire mu sopo wopita kwa ana a sukulu. Zoona zokhazokha, monga munanenera. Za buluu simunalembe, kaya pepala linachepa.

Pa mawu a batire paja mayi wina wa m'komiti anagwira pakamwa. Komiti sinavutikenso ndi kuvota kokweza manja. Pofika madzulo msika wonse unali utamva. Loweruka ndinapita ndi timitanda makumi awiri timene ndinaphika ndi mafuta opempha kwa neba, ndinabwerera nato tonse. Wina anandifunsa ngati timitandato tingalize wailesi.

Ntchito ndapeza, musade nkhawa. A Mai Thovu oda yawakulira, dilamu lawo loyamba linaluma, ndiye anditenga. Ndimatakasa, ndimadula, ndipo mtanda uliwonse usanakwere ngolo umadutsa pa lilime langa, kuseri, chitseko chili chotseka. Kwa a Matironi amapita okha, atanyamula kapepala ka buluu kamene mphunzitsi uja anawapezera, ndipo komiti yakhutira.

Alamu anu sakutchulani. Abwerera ku zosunga m'mimba.

Amayi ndiwo akondwa. Atamva kuti mwalemba kalata ya chidindo anavala nsalu yawo yatsopano, anayenda ndi bondo lomwelo mpaka ku hositelo kukaipempha. Akuti chinthu cha mwana wawo sichingagone mu kabati ya eni. Anaipereka kwa kalipentala, waiika mu felemu ya galasi, ili pabalaza moyang'anana ndi chitseko. Mlendo aliyense amayamba waimikidwa pamenepo asanapatsidwe mpando: "Werengani, mwana wanga ameneyo, taonani sainiyo." Odziwa Chizungu amawerenga mpaka pansi, kenaka amatembenuka n'kundiona ine ndikulowa ndi tiyi.

Ndinayesa kuwauza zimene zalembedwamo. Akuti nsanje idzandipha. Akutinso galasilo likugwira fumbi msanga, ndizilipukuta m'mawa uliwonse ndisanapite kwa a Mai Thovu.

Ndikulipukuta.

Mlongo wanu.